Kiliniki ya mafizo yomwe inandiwongola bondo: zomwe zinandithandiza ndi zomwe ndinangolipira

Ndine telala, ndipo chaka chatha anandichita opaleshoni yochotsa bondo lakumanja lomwe linatha ndi nyamakazi n'kuikamo lachitsulo ndi pulasitiki. Za opaleshoniyo sindikambapo zambiri, inayenda bwino. Ndikufuna ndikambe za kiliniki ya mafizo komwe ndinkapita nditatuluka m'chipatala, chifukwa anthu angapo andifunsa ngati n'koyenera kutayirapo ndalama, kapena munthu angokhala pakhomo n'kumatsatira zithunzi za pa pepala lomwe amapereka potuluka. Yankho langa ndi lakuti pitani, koma mupite mukudziwa chomwe mukukagula. Pakhomo limodzi lomwelo amagulitsapo zinthu ziwiri. Pali makina okoma kugonapo, ndiye pali munthu wokugwiritsa ntchito yowawa. Mwendo wanga unabwerera chifukwa cha munthuyo.

Ulendo woyamba sanandigoneke pa makina alionse. Mayi wa mafizo yemwe anandilandira ndi wachichepere, msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo anayamba ndi kufunsa za ntchito yanga. Nditati ndimasoka, sanangolemba n'kupita pa funso lina. Anafuna kudziwa ngati makina anga ndi amagetsi kapena opalasa ndi phazi, mpando wanga ndi wautali motani, ndimadula nsalu nditaima kapena nditakhala, komanso ngati ndimagwada popinda m'munsi mwa siketi ya kasitomala. Ndinati ndimagwada ndithu, mapini ali kukamwa. Iye anati, "Ndiye amayi, inuyo madigiri 90 sakukwanirani."

Apo anatulutsa goniometer, kachipangizo ka pulasitiki ka mikono iwiri yolumikizana pakati. Mkono wina amaulozetsa kuchiuno, wina kukakolo, pakati pake n'kukhala pa bondo. Mwendo wowongoka kotheratu ndi 0. Langa linkapinda kufika pa 70 basi, ndipo powongola linkatsalira ndi madigiri 10. Manambalawa anawalemba ine ndikuona, kenaka anandiuza chomwe nambala iliyonse imagula pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Kuyenda pamalo osalala kumafuna kuti bondo lipinde madigiri pafupifupi 65. Kudzuka pa mpando wamba osakankha ndi manja kumafuna oposa 90. Kutsika masitepe kumafuna ochulukirapo kuposa kukwera, cha m'ma 100. Kuti phazi lizungulire bwinobwino pa njinga pamafunika cha pa 110. Kugwada n'kukhalira zidendene kumafuna oposa 130, ndipo mawondo opanga ambiri amaima asanafike pamenepo. Zimenezi anandiuza tsiku loyamba lomwelo, osandipaka mafuta pamilomo. Ichi ndi chifukwa choyamba chomwe ndimaiyamikirira kiliniki imeneyi: ankayeza, ndipo ankayeza nthawi iliyonse ndikafika. Munthu ukamachira pang'onopang'ono maso ako saona kusintha, koma nambala imaonetsa.

Aliyense wobwera kudzandizonda ankafunsa kuti, "Likupindika?" Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo ngati likuwongoka. Koma mayi wa mafizoyu mtima wake unali pa madigiri 10 otsala powongola aja. Anafotokoza kuti bondo lowongoka kotheratu limadzikhoma lokha munthu akaima, moti minofu ya ntchafu imapuma. Likatsala lopindika ngakhale pang'ono, ntchafu imagwira ntchito nthawi yonse yomwe waima, mwendo umakhala ngati wafupika, umayamba kutsimphina, ndipo pakapita nthawi chiuno ndi msana zimayamba kudandaula. Kwa munthu woima pa tebulo lodulira nsalu theka la tsiku, imeneyi si nkhani yaing'ono. Lamulo lake linali lakuti mtsamiro usakhale kunsi kwa bondo pogona. Aliyense amene anachitidwapo opaleshoni imeneyi akudziwa kukoma kwa mtsamiro pamalo amenewo, ululu umazizira nthawi yomweyo. Iye ankakulunga thaulo n'kuliika kunsi kwa chidendene, bondo n'kulisiya m'malere kuti kulemera kwa mwendo kulikokere pansi. Maminitsi ochepa okha, koma thukuta linkatuluka ndili chigonere.

Chomwe ankathamangira n'chiyani? Bondo likang'ambidwa, thupi limayamba kuluka chipsera cha mkati, ndipo chipseracho chimakhwima m'kupita kwa masabata. Masabata oyambawo ali ngati diresi lomwe ndangoligwirizitsa ndi mapini: ndikhoza kulikulitsa, kulichepetsa, kusuntha mkono. Ndikalidutsitsa pa makina, kusintha kwake n'kuphwasula. Kuphwasula kwa bondo kulipo ndithu. Ngati lakanirira pansi pa madigiri 90, dokotala wa mafupa amamugonekanso munthu ndi mankhwala n'kulipinda ndi mphamvu kuti chipsera chiduke, ndipo kawirikawiri amachita zimenezi miyezi itatu yoyamba isanathe. Nditamva zimenezo sindinafunikenso kunyengereredwa kuti ndizikoka chidendene pa bedi kubwera nacho kumatako, m'mawa, masana ndi madzulo.

Tsopano za makina, poti ndi omwe amakopa maso ukangolowa. Chipinda chawo chili ndi nyale yotenthetsa, makina a ultrasound olowetsa m'minofu mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, ka TENS konyerenyetsa pakhungu, ndi chimakina cha CPM chomwe umaikamo mwendo n'kumakupindira ndi kukuwongolera iwe uli gone. Atsikana a pa kauntala ankalimbikira kwambiri kuti ndibwereke CPM ndipite nayo kunyumba, ndalama yake yapadera. Ndinafunsa mayi wa mafizo uja, ndipo anayankha motsitsa mawu kuti, "Amayi, mwendo womwe ukutha kudzikoka wokha sufuna zimenezo." Pambuyo pake mwana wanga anandiwerengera mbiri yake. Makinawa anachokera ku maganizo a Robert Salter, dokotala wa mafupa wa ku Toronto, m'zaka za m'ma 1970, ndipo kwa nthawi yaitali zipatala zinkawagwiritsa ntchito pa aliyense woikidwa bondo. Koma mu 2014 a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika kafukufuku 24 anapeza kuti kusiyana kwa ogwiritsa ntchito makinawa ndi osagwiritsa ntchito kunali madigiri awiri okha, omwe munthu sangawamve n'komwe poyenda. Ndiye onani, m'nyumba imodzi, kauntala ikugulitsa chinthu chomwe katswiri wawo yemwe sakuchikhulupirira. Zimenezi ndimazitenga ngati chilema cha malowo, ngakhale kuti kukhulupirika kwa mayiyo kunandisangalatsa.

Makina amodzi okha ndiwo ndingawaikire kumbuyo. Mayi wa mafizo atandiuza koyamba kuti ndilimbitse ntchafu n'kukanikizira bondo pa bedi, ndinalamula mwendo koma sunamve. Ndinkauyang'ana, mutu ukuti gwira, mnofu uli phee. Zimaopsa, munthu umaganiza kuti adula mtsempha. Iye anati ayi, n'kutupa. Madzi akadzaza m'bondo, mitsempha ya mmenemo imatumiza uthenga womwe umachititsa kuti thupi lichepetse mphamvu yopita ku mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu. Akafukufuku anapeza kuti mwezi woyamba pambuyo pa opaleshoni imeneyi mphamvu ya mnofuwu imatsika ndi pafupifupi 60 peresenti, ndipo gawo lalikulu la kutsikako si kuwonda kwa mnofu koma kulephera kuudzutsa. Ndiye anamata timapepala tiwiri pa ntchafu n'kulumikiza ku makina a magetsi omwe amaukoka mnofu mwamphamvu mpaka kuuona ukudzuka. Iwo akamakoka, ine ndinkayenera kulimbitsa nawo limodzi. Awa ndi osiyana ndi TENS. TENS imanyerenyetsa kuti uiwale ululu kwa kanthawi, pomwe awa sakoma ngakhale pang'ono. Patapita maulendo angapo ndinatha kunyamula mwendo wonse uli wowongoka, bondo osagwa. Ngati akukumatani timapepala ndipo mukumva kukoma mpaka tulo, funsani kuti makinawo akugwira ntchito yanji.

Pali nkhondo ina yomwe kilinikiyi inandithandiza kumenya, ya achibale okonda. Mchemwali wanga wamkulu ankakwiya akandipeza ndikuyendayenda m'nyumba ndi ndodo. Ankati bala lotere limafuna kugona, ndipo anthu a mafizowa ndi ankhanza. Kale madokotala nawonso ankaganiza choncho. Mu 1966 ku Dallas anagoneka anyamata asanu athanzi, a zaka 20, pa bedi kwa masabata atatu osadzuka. Mphamvu ya mtima ndi mapapo awo inatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Patatha zaka 30 anawayezanso anthu omwewo, n'kupeza kuti masabata atatu ogona aja anawafooketsa kuposa zaka 30 za kukula. Amenewo anali anyamata. Nanga ine wa imvi? M'zaka za m'ma 1990 dokotala wa opaleshoni wa ku Denmark, Henrik Kehlet, anatsogolera njira yodzutsa odwala msanga, kuwachepetsera ululu mokwanira kuti ayende, ndi kuwalola kudya msanga, ndipo lero zipatala zambiri zimaimiritsa munthu woikidwa bondo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Mayi wa mafizo anapempha kuti ndibwere nawo achemwali angawo tsiku lina. Anawakhazika pa mpando, anawaonetsa mogwirira mwendo pondithandiza kukwera pa bedi, n'kuwapatsa ntchito yondiwerengera. Kuchokera tsiku limenelo iwo ndiwo anasanduka kapitawo wankhanza kuposa a kukiliniki.

Za ululu mayi wa mafizo anandipatsa muyezo womveka. Ankandifunsa kuti pa manambala ochokera pa 0 kufika pa 10, ukuwawa motani. Ululu wa pakatikati pochita mafizo ankaulola, bola uzizire pofika tsiku lotsatira ndipo bondo lisatupe kuposa dzulo lake. Ukapitirira apo ndiye kuti tachita mopyola, tibwerere m'mbuyo pang'ono, koma osaleka. Anandilangiza kumwa mankhwala ochepetsa ululu omwe dokotala anandilembera nthawi ya mafizo isanakwane, osati kudikira kuti ndikamwe ndikabwerako ndikulira. Pomaliza, ayezi wokulunga m'nsalu kwa maminitsi 15 kapena 20, mwendo uli m'mwamba kuposa pamtima. Sanali wa gulu lija lomwe limakhulupirira kuti wodwala akakuwa ndiye kuti ntchito ikugwirika. Ankati munthu ukamukankha mopyola, minofu yake imadzimanga poteteza bondo, ndipo mawa lake amabwera litauma kuposa lero. Ankapinda mpaka pomwe nkhope yanga yasintha, n'kuima pomwepo, n'kundiuza kuti nditulutse mpweya. Nthawi zambiri potulutsa mpweyapo bondo linkalola kadigiri kena.

Masabata oyamba, ndisanakwere n'komwe pa bedi lawo, ankayamba wagwira katumba wa mwendo wanga ndi kuyang'ana bala. Ankafufuza magazi oundana m'mitsempha, omwe ndi ngozi yodziwika pambuyo pa opaleshoni ya bondo kapena chiuno. Zizindikiro anandilembera kuseri kwa khadi langa: katumba kutupa, kutentha ndi kuwawa mosiyana ndi masiku onse, bala kutuluka madzi kapena kufiira mofalikira, thupi kutentha, kubanika kapena kupweteka pachifuwa. Anati zikaoneka zimenezi ndisadikire tsiku la mafizo, ndithamangire kuchipatala. Pothandiza magazi kuyenda ankandiuza kuti ndizivinitsa phazi, zala kuloza kumwamba kenaka pansi, nthawi iliyonse ndikakumbukira. Ndinaseka, poti ndiko kupalasa makina kumene. Bala litapola anandilola kukhala pa makina anga kwa kanthawi kochepa, koma anandichenjeza kuti vuto si chopondera, vuto ndi kukhala nthawi yaitali mwendo uli lende. Ananena zoona. Tsiku lomwe ndinkakhalitsa, madzulo nsapato inkakana.

Ndanena zabwino zambiri, tsopano ndinene zomwe zinandinyansa, chifukwa zilipo.

Amalandira anthu ochuluka kuposa manja omwe ali nawo. Umalipira ola lathunthu, koma nthawi yomwe katswiri ali nawe maso ndi maso imakhala yosakwana theka. Yotsalayo amakusiya ndi wothandizira. Mmodzi mwa othandizirawo anali wakhama, koma wina ankawerenga "wanu, thu, fili" maso ali pa foni, moti ukanatha kunyamula mwendo wolakwika iye osadziwa. Mafizo ochitidwa mokhota amaphunzitsa thupi kubera. Chiuno chimakwera m'malo mwa bondo kupinda, thupi limapendekera ku mwendo wabwino, ndipo popanda wokuona umapita kunyumba ukuganiza kuti wagwira ntchito.

Nthawi ina mayi uja anachokapo kwa kanthawi, ndipo yemwe anagwirizira malo ake sanatsekule n'komwe fayilo yanga. Sanayeze. Anandigoneka pansi pa nyale yotenthetsa, bondo lili lotupa kale ndi lofunda, kenaka ultrasound, kenaka TENS, n'kunditsanzika mwaulemu kwambiri. Kunena zoona maulendo amenewo ndiwo anali okoma kuposa onse, ndinkatuluka ndikuyasamula. Mayi uja atabwerera n'kuika goniometer, nambala inali pomwe anaisiya. Apa m'pomwe ndinaona bwino kusiyana kwa zinthu ziwiri zomwe amagulitsa zija, ndipo mtengo wake unali umodzimodzi.

Zina ndi zazing'ono koma zodabwitsa pa malo osamalira anthu a miyendo yovuta. Chimbudzi chawo n'chachifupi ndipo chilibe chogwirira kukhoma. Munthu wa bondo la madigiri 70 kukhala pamenepo ndi nkhani, kudzukapo ndi nkhani ina. Mabedi awiri okha ndiwo amatsika ndi kukwera, enawo umachita kukwera ngati ukukwera lole. Makatani olekanitsa odwala ndi opyapyala, moti matenda a mnzako umawadziwa onse. Amafuna ulipiriretu maulendo ambiri nthawi imodzi, ndipo ukalephera kubwera osanena dzulo lake, ulendowo wapita. Komanso sanalembepo kalata kwa dokotala yemwe anandichita opaleshoni mpaka nditapempha ndekha, pomwe dokotalayo ankafunika manambala aja kuti aone ngati bondo likufunika kulipinda mokakamiza kapena ayi.

Pepala la zithunzi lomwe amapereka ndi limodzimodzi kwa aliyense, kaya ndi wa bondo, kaya wa chiuno, timunthu tojambulidwa topanda nkhope. Mayi uja anakonza zimenezi mwa njira yake. Ankatenga foni yanga n'kundijambula kanema ndikuchita zolondola, mawu ake akumveka kumbuyo akuti, "Chala chachikulu chiloze kudenga, amayi, musagwetsere phazi kunja." Kanemayo ndi amene ndinkatsatira kunyumba. Ndipo ndinene poyera kuti ntchito yambiri inkachitikira kunyumbako. Kukiliniki ankayeza, kukonza zokhota ndi kuwonjezera katundu. Amene akuganiza kuti kulipira n'kumapitako kawiri pa sabata n'kokwanira, masiku enawo ali khale, ataya ndalama zake.

Gawo lomwe anthu ambiri amathawa ndi lachiwiri. Bondo likayamba kupinda bwino, ndodo n'kuisiya, munthu amati ndachira. Anzanga angapo omwe tinkakumana pa benchi yodikirira anasiyira pamenepo. Koma kupinda si mphamvu. Mawondo opangawa si chinthu chatsopano, mtundu womwe ambiri a lero anatengerako unayamba kuikidwa mu 1974 ku New York ndi John Insall ndi anzake, ndipo chitsulocho chimakhala cholimba kuyambira tsiku lomwe achiika. Chofooka ndi mnofu wochizungulira, womwe kwa ambiri a ife unayamba kuwonda zaka zambiri opaleshoni isanachitike, pomwe tinkausunga mwendowo poopa ululu. Apa mayi wa mafizo anasintha zoyeza. Ankandikhazika pa mpando, manja nditapingasa pachifuwa, n'kuwerenga kuti ndidzuka ndi kukhala kangati pa masekondi 30. Ankandiyezanso nthawi yodzuka pa mpando, kuyenda mamita atatu, kutembenuka, kubwerera n'kukhalanso. Kenaka panabwera malamba a labala, matumba a mchenga omanga pa kakolo, makina okankha ndi miyendo, ndi njinga yopalasa pamalo amodzi. Pa njingayo ndinayamba ndi kungogwedeza chopondera kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kuzungulira koyamba kunatheka chobwerera m'mbuyo, monga ananeneratu.

Chomwe ndinakonda pa gawo limeneli n'chakuti sankandiona ngati gogo woti apatsidwe katundu wopepuka n'kumuombera m'manja. Katundu akayamba kupepuka ankawonjezera. Ankati mnofu sukula ndi chinthu chomwe ukutha kuchita kale mosavuta. Anandiimikanso kutsogolo kwa galasi lalikulu kuti ndione mayendedwe anga. Ululu unali utachepa, koma thupi linali likutsimphinabe mwa chizolowezi cha zaka zija. Chidendene chiyambe kugunda pansi, bondo liwongoke, kulemera kudutse pa phazi lonse, zala zikankhe. Kuphunzitsidwa kuyenda uli ndi zidzukulu kumachititsa manyazi pang'ono, koma palibe wina aliyense akanandiuza kuti phewa langa lakumanja limagwa pa sitepe iliyonse. Ndodo anandiuza kuti izikhala ku dzanja la mbali yabwino, osati la mbali ya opaleshoni monga ambiri amachitira. Pa masitepe, pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wa opaleshoni, mpaka mphamvu itakwanira yosinthanitsa. Kutsika ndiko kunachedwa kwambiri, chifukwa kumafuna kuti ntchafu igwire thupi lonse ikutambasuka pang'onopang'ono.

Panafika nyengo yomwe nambala inaima osasuntha, ndipo mtima wanga unagwa. Usiku bondo linkafunda, tulo tinkadukaduka, pokwera masitepe linkalira kuti kha, kha. Kunja kwa chipsera kunali malo a dzanzi omwe ndikawakhudza ndinkamva ngati ndikukhudza munthu wina. Zonsezi anazifotokoza mosabisa. Kulirako ndi chitsulo kugunda pulasitiki, ndipo ngati sikupweteka si vuto. Kufunda ndi kutupa kumatha kukhalapo miyezi yambiri, ndipo kuchira kumapitirira mpaka chaka. Dzanzilo limabwera chifukwa mpeni umadula kamtsempha kakang'ono ka pakhungu kodutsa kutsogolo kwa bondo, malowo amachepa m'kupita kwa nthawi koma kwa ena satheratu. Anandiuzanso kuti pa anthu asanu oikidwa bondo, pafupifupi mmodzi sakhutira kwenikweni ndi zotsatira zake, ndipo mafizo sangalonjeze kuti ine sindikhala mmodziyo. Ena angati mawu otere ndi ofooketsa. Kwa ine anali abwino kuposa a munthu wondiuza kuti ndidzathamanga ngati mtsikana.

Kugwada tinakusiyira kumapeto, dokotala wa mafupa atavomereza. Anthu ambiri oikidwa bondo sagwadanso, ena poopa kuti aswa chitsulo, ena chifukwa chipsera ndi dzanzi lija zimapangitsa kuti kumveke zachilendo. Tinayamba ndi kusisita chipsera ndi nsalu zosiyanasiyana, yofewa kenaka yokhakhala, kuti khungu lizolowere kukhudzidwa. Nsaluzo ndinabwera nazo ndekha, zidutswa sizisowa kwa telala. Kenaka ndinkaika bondo pa mpando wa khushoni mwendo wina uli pansi, kenaka pa bedi, kenaka pa mphasa ya labala, kulemera kuli pamwamba pa msongolo osati pa kafupa ka kutsogolo kwa bondo. Anandiphunzitsanso kudzuka, komwe n'kovuta kuposa kugwadako. Bondo langa linaima pa madigiri 120, ndipo limawongoka mpaka 0. Kukhalira zidendene sinditha ndipo mwina sindidzatha. Kugwada pa khushoni kwa maminitsi ochepa ndimatha, ngakhale sikukoma. Mayi wa mafizo yemweyo ndiye anandipatsa nzeru yoti ndikhomeretse kabenchi kolimba koti kasitomala azikwerapo, ine n'kukhala pa kampando popinda siketi. Katswiri wofuna kuti ndizibwerabe mpaka kalekale sakanandiuza zimenezo.

Ndiye ndani apite? Amene bondo lake likuchedwa kupinda kapena kuwongoka, amene ntchafu yake ikukana kudzuka, amene amakhala yekha popanda womuona, ndi amene ntchito yake imafuna zambiri kuposa kuyenda, awa asazengereze, ndipo apite m'masabata oyambirira pomwe chipsera chisanakhwime. Amene zikumuyendera bwino ndipo ali ndi khama akhoza kumapita mwa apo ndi apo kukayezetsa ndi kukatenga zochita zatsopano, osalipiriratu mulu wa maulendo. Ndikanakhala kuti ndikuikidwa bondo lachiwiri, ndikanapitako opaleshoni isanachitike kuti ndikaphunzire kugwiritsa ntchito ndodo ndi kulimbitsa ntchafu mutu uli bwino, chifukwa kuphunzira zinthu zatsopano uli ndi ululu komanso mankhwala m'thupi n'kovuta.

Musanalipire, funsani kuti amene adzakuoneni ndi munthu mmodzi yemweyo kapena aliyense amene alipo tsikulo, ndipo pa ola lomwe mukulipiralo iyeyo adzakhala nanu maminitsi angati. Funsani ngati amayeza ndi kulemba, ndipo manambalawo muziwakopera m'kabuku kanu kuti mukawaonetse dokotala wanu. Akakuuzani za makina, funsani kuti akuthandiza chiyani chomwe mwendo wanu sungachite wokha. Lowaninso m'chimbudzi mwawo muone ngati mungadzukemo. Ndipo ngati mungathe kusankha nthawi, tengani ya m'mawa kwambiri. Bondo limakhala lisanatupe ndi zoyendayenda za tsikulo, benchi imakhala isanadzaze, ndipo katswiri amakhala ndi inu nokha mpaka wodwala wachiwiri atafika.